Kachilombo konyamula jini: kafika bwanji mu ubongo wa mwana, nanga kafika liti?

Wophunzira:
Moni nonse akuluakulu. Funso langa lili pa matenda a lysosome (kathumba ka m'selo kogayira zinyalala) amene amawononga ubongo wa ana, monga MLD (metachromatic leukodystrophy), Krabbe, Sanfilippo, Tay-Sachs ndi Batten. Gwero lake likudziwika: jini imodzi ndi yolakwika, enzaimu imodzi ikusowa, ndiye zinyalala zimene selo limayenera kugaya zimangounjikana. Odwala Gaucher akhala akulandira enzaimu pa dilipi kuyambira 1991, ndipo chiwindi ndi kapamba zotupa zija zimaphwa. Nanga ku ubongo chikukanika n'chiyani? Ndipo ngati enzaimu ikukanika, bwanji osangolongedza jini yabwino m'kachilombo, kubaya kamodzi, basi?

Waminyewa:
Safunsa anadya phula, mwachita bwino. Chokanika choyamba ndi mpanda wa pakati pa magazi ndi ubongo. Maselo a m'makoma a timitsempha ta mu ubongo ndi omatana kwambiri, sasiya mipata ngati a m'chiwindi. Enzaimu ndi puloteni yaikulu, imangodutsa ndi magazi osalowa. N'chifukwa chake pa Gaucher yemweyo, mtundu woyamba umamva dilipi, koma mtundu wachiwiri, womwe umagwira ubongo wa khanda, dilipi siiletsa kanthu m'mutu.

Njira yozembera mpandawo ilipo. Pa CLN2, womwe ndi mtundu umodzi wa Batten, mankhwala a cerliponase alfa anavomerezedwa mu 2017. A opaleshoni amaika kachikho pansi pa khungu la pamutu, kolumikizidwa ndi kapaipi kolowa m'mphako ya madzi ya mkati mwa ubongo. Mwana amalandira mamiligalamu 300 pa milungu iwiri iliyonse, maola anayi ndi theka ali pa mpope, mpaka kalekale. Matenda amachepa liwiro ndithu. Koma kachikhoko kamatha kutenga mabakiteriya kapena kudontha, ndipo maso amapitirirabe kufa chifukwa enzaimu yothiridwa m'madzi a ubongo siifika kuseri kwa diso. Maganizo a jini akuti enzaimuyo izipangidwira mkati mwa mpanda momwemo, tsiku ndi tsiku, osadikira mpope.

Wakulabu:
Ndiwonjezere chimene chinakopa anthu a majini ku matenda amenewa. Mu 1968, mu labu ya Elizabeth Neufeld ku NIH ku America, anasakaniza m'mbale imodzi maselo a khungu a wodwala Hurler ndi a wodwala Hunter, matenda awiri osiyana a lysosome. Zinyalala zinachepa mwa onse. Selo lililonse linkatulutsa enzaimu imene linzake linalibe, linzakelo n'kumeza. Kenako zinadziwika kuti ma-enzaimu a lysosome amadindidwa chizindikiro cha shuga wotchedwa mannose-6-phosphate akamadutsa mu Golgi, malo olongedzera mapuloteni m'selo. Ena amatayikira kunja kwa selo, ndipo selo loyandikana nalo lili ndi kogwirira kamene kamazindikira chidindocho n'kukokera enzaimuyo ku lysosome yake.

Ndiye kuti simufunika kukonza selo lililonse. Mukakonza ochepa n'kuwachititsa kupanga enzaimu yambiri, amagawira anzawo. Simufunikanso kufika pa 100 peresenti. Makolo onyamula jini imodzi yolakwika ali ndi theka chabe koma sadwala, ndipo pa ambiri mwa matendawa 10 mpaka 20 peresenti imakwanira kuti zinyalala zisaunjikane.

Koma si onse. CLN3, CLN7 ndi NPC1 ya Niemann-Pick C ndi mapuloteni okhazikika m'khoma la lysosome. Satuluka, sagawika. Pamenepo selo limene kachilombo sikanalowemo latsalira.

Wophunzira:
Zikomo a Wakulabu. Nanga tizilombo take ndi titi? Ndimangomva AAV ndi lentivirus, koma sindidziwa kuti kameneka kapita pati.

Wakulabu:
Ndiyambe ndi AAV, ya lentivirus ndiwasiyira a Wamagazi. AAV ndi kachilombo kakang'ono, pafupifupi ma nanometer 25, kokhala ndi chikwa cha puloteni ndi DNA ya chingwe chimodzi mkati. Timachotsa majini ake onse, rep ndi cap, n'kungosiya tizidutswa tiwiri ta kumapeto totchedwa ITR. Pakati pake timaikapo promoter (kachidutswa koyatsa jini), jini ya enzaimu, ndi chizindikiro chomalizira. Malo onse ndi pafupifupi zilembo za DNA 4,700, osapitirira. Jini ya ARSA (ya MLD) kapena ya SGSH (ya Sanfilippo A) ndi zilembo pafupifupi 1,500, imalowa mosavuta. Ya NPC1 ndi pafupifupi 3,800, ndiye promoter amafunika wamfupi. Mukafuna kuti jini iyambe kugwira ntchito msanga mumapanga mtundu wa zingwe ziwiri zopindana, koma malo amatsika ndi theka.

Popanga, ma plasmid (timphete ta DNA) atatu amalowetsedwa m'maselo a mu labu otchedwa HEK293, kenako timakolola. Vuto lalikulu apa ndi zikwa zopanda kanthu mkati. Zimatuluka zambiri, nthawi zina kuposa zodzaza, ndipo zikapanda kuchotsedwa ndi ultracentrifuge kapena chromatography, mwana amalandira puloteni ya kachilombo yochuluka yopanda phindu, yongodzutsa chitetezo cha m'thupi.

Mu selo, DNA ya AAV nthawi zambiri simatika ku chromosome. Imakhala payokha ngati mphete mkati mwa nucleus. Ku maselo a ubongo zimenezi n'zabwino chifukwa sagawikana, mpheteyo imakhala zaka. Ku chiwindi cha khanda lomwe likukula n'zoipa, selo likagawikana mphete imasungunuka pang'onopang'ono.

Wamagazi:
Lentivirus ndi yosiyana kutali. Inachokera ku HIV-1, koma anachotsa zonse zoti ichulukane, n'kuivala chovala cha kachilombo kena, VSV-G. Iyo imasoka jini mu chromosome, ndiye selo likagawikana ana ake onse amatengera. Ndipo siibayidwa mwa mwana. Ntchito yonse imachitikira kunja kwa thupi, pa maselo oyambitsa magazi.

Chitsanzo chomwe chinafika pamsika ndi cha MLD, atidarsagene autotemcel. Chinapangidwa ku San Raffaele Telethon Institute ku Milan, chinavomerezedwa ku Ulaya mu December 2020 ngati Libmeldy, ku America mu March 2024 ngati Lenmeldy. Ndondomeko yake ili motere. Mwana amabayidwa G-CSF masiku angapo, nthawi zina ndi plerixafor, kuti maselo oyambitsa magazi atuluke m'mafuta a m'mafupa alowe m'magazi. Makina a apheresis amawasefa. Gawo lina, losachepera 2 miliyoni pa kilogalamu, limasungidwa osakhudzidwa, lodzapulumutsira mwana ngati okonzedwawo akana kumera. Otsalawo amapita ku labu, amasankha okhala ndi chizindikiro cha CD34, omwe ndi oyambitsa magazi aja, amawadzutsa ndi ma cytokine, amathira kachilombo konyamula ARSA. Kenako amayeza kuti makope a jini alowa angati pa selo, enzaimu ikupangidwa yochuluka bwanji, komanso ngati mulibe majeremusi. Zikakhala bwino amaumitsa mu nthunzi ya nitrogen, pansi pa madigiri 130 kutsika ziro.

Zotsatira za labu zikabwera, ndi pokhapo mwana amayamba busulfan, mankhwala amphamvu a chemotherapy, pafupifupi masiku anayi. Amatenga magazi ukatha mlingo woyamba kuti asinthe milingo yotsatira, chifukwa ana amachotsa busulfan m'thupi pa liwiro losiyanasiyana. Pakatha maola osachepera 24 chilandirireni mlingo womaliza, thumba limasungunulidwa pa madigiri 37 n'kulowetsedwa pa dilipi pasanathe maola awiri. Ku Ulaya mlingo wochepetsetsa ndi maselo a CD34 okwana 3 miliyoni pa kilogalamu. Osaika sefa yochotsa maselo oyera pa chingwe cha dilipi, mungasefe mankhwala enieniwo.

Wophunzira:
Pepani mayi, apa ndasokonezeka. Maselo a magazi akukonza bwanji ubongo, poti a Waminyewa anena kuti pali mpanda?

Wamagazi:
Apa ndiye pagona nkhani. Busulfan amagwira ntchito ziwiri. Amapha mafuta a m'mafupa kuti atsopano apeze malo, komanso amawoloka mpanda uja n'kukafooketsa microglia, maselo osesa a mu ubongo. Malo akapezeka, maselo ochokera kwa okonzedwa aja amalowa, amakhazikika, amakhala ngati microglia, n'kumatulutsa ARSA. Popeza jini yalowa ndi makope angapo ndipo promoter sazima, amapanga enzaimu yoposa ya munthu wabwinobwino kangapo. N'chimene chimasiyanitsa njirayi ndi kungopatsidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina, omwe pa MLD wa makanda sankathandiza kwenikweni. A munthu wina amapanga mlingo wamba, ndipo ngati wopereka ndi m'bale wonyamula jini yolakwika, ndi theka. Komanso poti maselo ndi a mwana yemweyo, palibe zoti maselo achilendo aukire thupi.

Choipa chake n'chakuti kulowa m'malo kwa microglia kumatenga miyezi. Miyezi imeneyo matenda sakuima.

DotoloWaAna:
Ndimadikira kuti wina atchule zimenezi. MLD wa makanda amayamba mwana asanakwane miyezi 30. Mwana amene ankayenda amayamba kupunthwa, mapazi kukokera, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri sathanso kukhala tsonga kapena kumeza. Mukamupatsa busulfan atayamba kale kupunthwa, mwamuwonjezera chipsinjo pamene myelin, chikuto cha minyewa, ikukokoloka, ndipo enzaimu ikamafika mupeza palibenso choteteza. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake chilolezo chake n'chopapatiza: wa makanda amene alibe chizindikiro chilichonse, ndi wa ana okulirapo amene alibe zizindikiro kapena zangoyamba kumene, akuyendabe yekha ndipo nzeru sizinayambe kutsika. Pa ana 29 oyamba a ku Milan, awiri amene anamwalira ndi matendawo anali oti anathandizidwa zizindikiro zitayamba kale.

Ndipo taonani mmene ana ambiri oyambawo anapezekera. Mkulu wake anadwala, anayezedwa, dzina la matenda linadziwika, ndiye anayeza mng'ono akadali wamphamvu. Popeza makolo onse awiri ndi onyamula, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa inayi. Mng'ono akuthamanga pa msinkhu umene mkulu wake anali atagona kale. Mankhwala akugwira, koma banja lalipira ndi mwana woyamba.

Wamankhwala:
Ndibwezere nkhani ku AAV, chifukwa ena angaganize kuti ndiyo yophweka poti palibe busulfan. Mu 2009 gulu la Brian Kaspar ku Columbus linaonetsa kuti AAV9 yobayidwa mumtsempha imawoloka mpanda wa ubongo. Imawolokadi, koma yochepa. Yambiri imathera m'chiwindi. Ndiye kuti ubongo upeze yokwanira, mlingo umakwera koopsa. Zolgensma, ya matenda ofooketsa minofu a SMA, osati a lysosome, koma ndiyo yatiphunzitsa zambiri, mlingo wake ndi 1.1 × 10^14 pa kilogalamu. Khanda la makilogalamu 8 likulandira tizilombo pafupifupi 9 wotsatiridwa ndi maziro 14, mu ola limodzi.

Walira mvula walira matope. Chiwindi chimatupa pamene maselo a T ayamba kupha maselo oonetsa zidutswa za chikwa, ndiye prednisolone amayamba tsiku limodzi dilipi isanachitike, miligalamu imodzi pa kilogalamu, masiku 30, kenako kutsitsa pang'onopang'ono uku mukuyeza chiwindi ndi ALT, AST ndi bilirubin kwa miyezi yosachepera itatu. Mu 2022 kampani yake inalengeza za ana awiri omwe anamwalira chiwindi chitasiya kugwira ntchito, patatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, steroid uja, prednisolone, atangoyamba kutsitsidwa. Choopsa china chimabwera msanga, mlungu woyamba kapena wachiwiri: complement, gulu la mapuloteni a chitetezo a m'magazi, imadzuka, ma platelet amagwa, timitsempha ta mu impso timatsekeka. Mwana akayamba kukodza pang'ono, kutupa, BP kukwera, musati ndi steroid chabe, yezani magazi tsiku lomwelo. Ndipo pa kafukufuku wa matenda a minofu a XLMTM anamwalira anyamata anayi, chiwindi chitagwidwa, atatu mwa iwo pa mlingo wa m'ma 3 × 10^14.

Wakulabu:
Pa manambala amenewa ndichenjeze. Mlingo wa kampani ina musauyerekeze mwachindunji ndi wa ina. Ena amawerenga ndi qPCR, ena ndi ddPCR, ena amaloza pa ITR, ena pa jini yeniyeniyo, ndipo botolo limodzi likhoza kupereka manambala osiyana kawiri kapena kuposa. Komanso nambalayo imawerenga zikwa zodzaza zokha. Zopanda kanthu zija sizili m'chiwerengero, koma chiwindi chimazilandira.

Waminyewa:
N'chifukwa chake ena anati tisadutsire m'magazi. Pali njira zitatu, iliyonse ili ndi msampha wake.

Yoyamba ndi kubaya mu mnofu wa ubongo weniweniwo. Ku Weill Cornell ku New York, gulu la Ronald Crystal linayamba mu 2004 ndi ana a CLN2. Mabowo asanu ndi limodzi pa chigaza, malo awiri pa bowo lililonse, malo 12 onse pamodzi. Pa malo aliwonse ma microlitre 150, pa liwiro la ma microlitre awiri pa mphindi, ndiye mphindi 75. Mukafulumiza, madziwo amabwerera m'mbali mwa kapaipi m'malo molowa mu mnofu. AAV2 imene anagwiritsa ntchito imangoyenda mamilimita ochepa kuchokera pansonga. Ubongo wa mbewa sukwana theka la galamu, wa munthu umaposa kilogalamu, ndiye jakisoni amene amadzaza ubongo wa mbewa, kwa mwana ndi kadontho m'mbiya. Ku Paris anayesa AAV5 pa ana anayi a Sanfilippo B, malo 16. Enzaimu m'madzi a ubongo inafika 15 mpaka 20 peresenti, ndipo amene anapindula koposa anali wamng'ono pa onse, wa miyezi 20. Pa kafukufuku wa Lysogene wa Sanfilippo A, MRI inaonetsa kusintha kwa mnofu woyera mozungulira malo obayidwa.

Yachiwiri ndi m'madzi a ubongo kudzera kumsana, ngati mmene timatengera madzi oyeza meningitis. Ndi yophweka, koma kachilombo kambiri kamatsalira m'munsi, ku msana. Yachitatu ndi ku cisterna magna, singano kulowa pakati pa chigaza ndi fupa loyamba la khosi, mwana atagonetsedwa, uku CT ikutsogolera, chifukwa tsinde la ubongo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi zili pomwepo. Iyi imafikitsa bwino pamwamba pa ubongo ndi ku cerebellum. Mkati mwenimweni, ku thalamus ndi basal ganglia, mumafika pang'ono. Kumbukiraninso kuti madziwa sakhala chikhalire. Munthu wamkulu ali ndi mamililita pafupifupi 150 koma amapanga pafupifupi 500 patsiku, ndiye zomwe mwathira zimakokolokera m'magazi pa maola ochepa, chiwindi n'kulandirabe gawo lake.

Wophunzira:
Ndinawerengapo kuti pali chikwa china chimene chimadzaza ubongo wonse pa jakisoni mmodzi wa mumtsempha. Sichingathetse zonsezi?

Wakulabu:
Mukunena PHP.B ya ku Caltech, ya 2016. Zithunzi zake zinali zokongola, ubongo wonse wa mbewa kuwala mbee. Kenako zinapezeka kuti imakwera pa puloteni yotchedwa Ly6a, yomwe ili m'timitsempha ta mbewa za mtundu wa C57BL/6. Mbewa za BALB/c siigwira, anyani siigwira, munthu puloteniyo alibe. Chichokereni pamenepo, munthu akandionetsa chikwa chatsopano ndimayamba ndafunsa kuti chikukwera pa chiyani, ndipo munthu ali nacho kodi. Panopa ambiri akuloza pa transferrin receptor, chifukwa imeneyo timitsempha ta ubongo wa munthu tili nayo.

Waminyewa:
Ndinaiwala msampha wina wa njira ya m'madzi. Ma dorsal root ganglia, timagulu ta maselo omvera kukhudza tomwe tili m'mbali mwa msana, tili kunja kwa mpanda ndipo timamwa kachilombo kambiri. Mwa anyani maselo amenewa amawonongeka chifukwa chopanga puloteni mopyola. Ku Philadelphia, gulu la James Wilson linaika kumapeto kwa jini tizidutswa togwidwa ndi miR-183, yomwe imapezeka kwambiri m'maselo amenewa, kuti jini izizima mmenemo koma iziyaka kwina. Kwa mwana wosalankhula simungafunse ngati mapazi achita dzanzi, ndiye muyenera kuyeza mitsempha yomvera ndi magetsi asanalandire, kuti mudzakhale ndi poyerekezera.

Wamankhwala:
Pa mfundo ya kupanga mopyola, Tay-Sachs ndi phunziro labwino. Enzaimu ya HexA ili ndi mbali ziwiri, alpha yochokera ku HEXA ndi beta yochokera ku HEXB. Mukangopereka alpha yambiri, beta ya m'selo siikwanira kukwatirana nayo. Ndiye ku UMass anagwiritsa ntchito tizilombo tiwiri ta AAVrh8, kena ka HEXA kena ka HEXB, mlingo wofanana. Mwa amphaka odwala Sandhoff ndi nkhosa za mtundu wa Jacob zodwala Tay-Sachs zinathandiza. Koma atabaya anyani athanzi mu thalamus ndi promoter wamphamvu yemweyo, anyaniwo anadwala, maselo a ubongo atadzaza ndi enzaimu mpaka kufa. Anachita kufooketsa promoter asanapite kwa ana.

Wamagazi:
Chimodzimodzi GALC, enzaimu yosowa pa Krabbe. Ikachuluka m'maselo oyambitsa magazi imawapha, n'chifukwa chake njira ya MLD sinangokopedwa n'kuikidwa pa Krabbe.

Wamankhwala:
Koma mayi, musatithawe pa nkhani ya khansa. Mwatchula kuti lentivirus imasoka jini mu chromosome. Imasoka pati? Skysona ndi lentivirus, ndi maselo a CD34, ndi busulfan, ndondomeko yofanana ndi yanuyo. Mu 2024 zinalengezedwa kuti anyamata 7 mwa 67 anadwala khansa ya m'magazi.

Wamagazi:
Sindikuthawa, bambo. Nambalayo ndi yoona ndipo makolo ayenera kuuzidwa. Koma tisaphatikize. Skysona ndi ya adrenoleukodystrophy, matenda a peroxisome, ndipo mkati mwake muli promoter wa MNDU3, wochokera ku retrovirus, wamphamvu moti amayatsa majini oyandikana ndi pomwe wagwera. Mwa odwalawo anapeza kachilombo katagwera mu jini ya MECOM kapena ya PRDM16. Ndi vuto lofanana ndi la ana a SCID-X1 (matenda obadwa opanda chitetezo) a ku Paris ndi London, pomwe asanu ndi mmodzi mwa 20 anadwala khansa ya m'magazi, ambiri kachilombo katagwera pafupi ndi jini ya LMO2. Ya MLD ili ndi promoter wa PGK, wa munthu, wofatsa, wosafuula kwa oyandikana nawo. Si kuti ngozi palibe. N'chifukwa chake odwala amatsatiridwa zaka 15, n'kumayezedwa ngati banja limodzi la maselo layamba kuchuluka kuposa ena.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa tsiku ndi tsiku ndi busulfan. Zilonda m'kamwa moti mwana sadya, milungu ingapo opanda ma neutrophil, kutsekeka kwa timitsempha ta m'chiwindi komwe kumaoneka ndi kulemera mwadzidzidzi, mimba kutupa ndi maso achikasu, kukomoka ngati simunapereke mankhwala oteteza, ndiponso kusabereka akadzakula. Chomalizachi chikambidwe busulfan asanayambe, osati pambuyo.

Wamankhwala:
Pamenepo tagwirizana. Komabe pa AAV ndiwonjezere chimodzi chomwe lentivirus ilibe: mwayi ndi umodzi. Mukalandira AAV9, asilikali a m'thupi olimbana nayo amakwera n'kukhala zaka, mlingo wachiwiri sungadutse. Ndiye mwana amene walowa m'gulu la mlingo wotsika pa kafukufuku watseka chitseko cha mlingo wokwera. Ena amakhala nawo kale asilikaliwo asanalandire, chifukwa AAV yachilengedwe imapezeka mwa anthu. Pa Zolgensma malire a asilikaliwo poyeza magazi anali 1:50. Kwa khanda, asilikaliwo akhoza kukhala a mayi ake odutsira pa nsengwa, ndipo amatsika okha pakapita milungu, ndiye yezaninso musanamukane.

Palinso chitetezo cholimbana ndi enzaimu yeniyeniyo. Mwana amene majini ake onse awiri sapanga puloteni ngakhale pang'ono, thupi lake silinaionepo, limaitenga ngati mdani. N'chifukwa chake ku Paris kuja anapereka tacrolimus ndi mycophenolate, ndipo ena amagwiritsa ntchito sirolimus kapena rituximab.

DotoloWaAna:
Krabbe ndiye amaonetsa bwino kuti nthawi ndi yothina bwanji. Chakupha kumeneko ndi psychosine, zinyalala zounjikana GALC ikasowa, yomwe imapha maselo opanga myelin, ndipo imayamba mwana ali m'mimba. Kuika mafuta a m'mafupa kapena magazi a mumchombo kumathandiza ngati kwachitika asanakwane masiku 30. Werengani: magazi a pachidendene tsiku lachiwiri, zotsatira, kutsimikiza ndi psychosine, kupeza wopereka wogwirizana naye, mankhwala okonzekeretsa, zonsezo m'mwezi umodzi. New York inayamba kuyeza makanda onse mu 2006. Ana othandizidwa msanga amakhala ndi moyo, nzeru zimasungika bwino, koma ambiri miyendo imavutabe chifukwa mitsempha ya kunja kwa ubongo siikonzeka mokwanira. Ndiye kafukufuku wa FBX-101 amaphatikiza ziwiri: kuika maselo kaye, kenako AAVrh10 mumtsempha patapita milungu ingapo, pamene chitetezo chidakali pansi ndipo sichingalimbane ndi GALC yatsopano.

Wophunzira:
Ndiye yankho ndi kuyeza khanda lililonse likangobadwa?

Wakulabu:
Inde, koma kuyezako kuli ndi mbuna zake. Pa MLD mukangoyeza ARSA mudzaopseza mabanja ambiri pachabe. Pali anthu ochuluka ndithu omwe ali ndi pseudodeficiency, enzaimu yawo mu labu imaoneka yotsika kwambiri koma sadwala moyo wawo wonse. Ndiye ndondomeko yabwino imayamba ndi sulfatide, zinyalala zounjikana pa MLD, pa kadontho ka magazi ouma, akakwera n'kuyeza ARSA, kenako kuwerenga jini. Sulfatide akakwera koma ARSA ili bwino, ganizirani za saposin B, puloteni yothandizira enzaimuyo. Ma sulfatase angapo akatsika limodzi, vuto lili pa jini ina, SUMF1. Awiri onsewa jini ya ARSA siingawathandize, ndipo kuwapatsa busulfan n'kuwapweteka chabe.

Chovuta china n'chakuti jini ikhoza kukuuzani kuti mwana ali ndi MLD koma osakuuzani kuti ayamba liti. Zolakwika ziwiri zosapanga enzaimu n'komwe, ameneyo ndi wa makanda, thamangani. Koma zina zimasiya enzaimu pang'ono, matenda n'kudzayamba ali ndi zaka 20 kapena 30. Ameneyo simungamupatse busulfan ali ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Waminyewa:
Ndipo ngakhale mwapereka, kudziwa kuti zagwira n'kovuta. Pa Sanfilippo mwana amapitiriza kuphunzira mpaka zaka zitatu kapena zinayi, kenako amaima, kenako amatsika. Mukamuthandiza ali ndi chaka chimodzi, muyenera kudikira zaka kuti muone ngati wasiyana ndi njira ya matendawo. Gulu lolandira madzi chabe simungaliike pa opaleshoni ya chigaza, ndiye amayerekeza ndi mbiri ya ana osathandizidwa. N'chifukwa chake pali mkangano pa heparan sulfate (zinyalala zounjikana pa Sanfilippo) wa m'madzi a ubongo ngati chizindikiro. UX111, yomwe ndi AAV9 ya mumtsempha pa 3 × 10^13 pa kilogalamu, inamutsitsa ndi theka kapena kuposa. Ine ndimakhulupirira chizindikirochi pang'ono chabe. Madzi akhoza kuyera chifukwa maselo a m'mphepete mwa mphako akonzeka, mkati mukadali zinyalala. Mu July 2025 FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, inabweza pempho la mankhwalawa, koma pa zifukwa za kapangidwe ku fakitale, osati za zotsatira mwa ana.

DotoloWaAna:
A Waminyewa, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Mukadikira umboni wa nzeru zaka zisanu, ana onse obadwa m'zaka zimenezo adutsa msinkhu wothandizika. Chizindikiro chosakwanira chomwe chikugwirizana ndi zimene zinaoneka mwa nyama, ine ndingachilandire, bola kutsatira kupitirire ndipo chilolezo chichotsedwe ngati nzeru sizikusungika.

Waminyewa:
Kuchotsa chilolezo n'kosavuta pa pepala. Kachilombo mwa mwana simungakachotse, ndipo mwamutsekera chikwa chabwino chomwe chingabwere mawa.

Wophunzira:
Ndaphunzira zambiri. Funso lomaliza kwa mayi Wamagazi: poti lentivirus inachokera ku HIV, mwana akayezedwa HIV pambuyo pake zimatuluka bwanji? Ndipo mtengo wake ndi wotani?

Wamagazi:
Ku America Lenmeldy anaikidwa pa madola 4.25 miliyoni, osawerengera chipatala. Za HIV, mwanayo alibe HIV ndipo sangapatsire munthu, chifukwa majini opangira kachilombo mulibe. Koma tizidutswa tina ta HIV-1, monga LTR ndi kachigawo ka gag, tinatsala m'maselo ake a magazi, ndiye kuyeza kwa PCR kukhoza kuonetsa ngati ali nako. Kuyeza kwa asilikali a m'thupi kapena kwa p24 sikusokonezeka. Zimenezi zilembedwe pa khadi lake la kuchipatala, apo ayi dokotala wina adzamuyambitsa ma ARV pachabe. Ndipo ma ARV omwewo amaletsa lentivirus kusoka jini, ndiye wodwala asamwe kuyambira mwezi umodzi maselo asanatengedwe mpaka patadutsa masiku asanu ndi awiri atalandira thumba lake. Magazi, ziwalo kapena maselo sadzaperekanso kwa munthu wina.